Mutu 7: Chida Chimene Sichinkafunsa

1. Kuseri kwa telala

M'chaka cha 1997, makompyuta a m'Chipata munthu ukanatha kuwawerenga osatopa. Atatu mwa iwo anali kuseri kwa shopu ya telala, pafupi ndi msewu waukulu wopita ku Lusaka, m'kachipinda ka a Boaz Shawa.

Ife amene tinaphunzira m'kachipindako timakakumbukabe, ndipo timakasowa. Kankanunkha fumbi lotentha ndi nsalu zatsopano. Kutsogolo makina osokera a telalayo, a Alfonsi, ankalira tsiku lonse, kuseri makompyuta akung'ung'udza. Madisiketi ankakhala m'chitini cha mabisiketi, ndipo aliyense wolowa ankapukuta mapazi kawiri.

A Shawa anagwira ntchito ya matelefoni zaka makumi atatu. Atapuma, anakana kukhala pakhonde n'kumawerenga njinga zodutsa. Anatolera makompyuta amene ena anawataya, muphwa wawo wa ku Lusaka n'kuwatumizira Linakisi, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, pa madisiketi mulu. Basi sukulu inayamba, ana asanu ndi benchi imodzi.

Mwa asanufe, wakuthwa mutu anali Zelipa Miti. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mwana wa mlaliki, woleredwa m'nyumba ya nyimbo za m'buku ndi nsalu yoyera pa tebulo. Kwawoko mwana sankafunsa mlendo ngati akufuna madzi. Ankangoona fumbi la kumapazi, n'kubwera nawo atagwada.

Ntchito imene tonse tinkaiopa inali yomanga kenelo. A Shawa ankati kenelo ndiye kapitawo wa m'kati mwa kompyuta. Ndiye amadziwa kulankhula ndi disiki yosunga zolemba, kiyibodi ndi pulinta, ndipo chimene kapitawoyo sachidziwa, kwa kompyuta kulibe.

Kuti umange kenelo yatsopano unkayankha mafunso oposa mazana awiri, onse m'Chingerezi, limodzilimodzi. Ukalakwitsa limodzi, unkayambiranso poyamba. Ukamaliza unkaisiya kompyuta yaikulu, yokhayo imene inali ndi mphamvu, kuti igwire ntchitoyo maola asanu. Ena tinkafika funso la makumi asanu maso atayamba kale kuona nyenyezi.

Zelipa zimenezi zinamutopetsa, koma iye sanadandaule ngati ife. Anakhala milungu itatu akulemba kapulogalamu kakekake. Kankafunsa mafunso asanu ndi atatu okha, m'Chinyanja chathu, ndipo mayankho ena onse kankadzaza kokha. Kakamaliza, kankaika kenelo yatsopano pamalo pa yakale. Tinakatcha Kazelipa, mwini wake n'kumanamizira kukwiya.

Pa makompyuta athu atatu, Kazelipa sikanalakwepo ngakhale kamodzi.

2. Mawu a a Shawa

Lolemba lina a Shawa analandira uthenga wa maliro a akulu awo ku Lundazi. Anatiuza kuti maphunziro aima sabata yonse. Kiyi anapatsa Zelipa kuti azitsegula mazenera ndi kupukuta fumbi. Asananyamule anamukhazika pa benchi, chikwama chili kale m'manja.

"Mwana wanga, chida chako ndachiwerenga mzere ndi mzere," anatero. "N'chabwino. Ine pa msinkhu wako ndinkangodziwa kukwera mtengo wa mawaya. Koma chili ndi matenda awiri, ndipo ndikuuza lero kuti usadzati mkulu uja sananene.

"Oyamba ndi awa: chida chako chili ndi ulemu wambiri. Chimachita manyazi kufunsa. Chikafika pa funso la disiki, chimangoganiza kuti kompyuta iliyonse ili ngati zathu zitatuzi. Ulemu umenewo ndi wa kunyumba kwa amayi ako, ndipo kumeneko ndi wabwino. Koma kompyuta si mlendo woti uione fumbi kumapazi. Za m'mimba mwake sizioneka kunja. Chida chabwino chikafika pamene sichidziwa chimaima, n'kunena kuti pano sindidziwa, ndiuzeni. Safunsa anadya phula.

"Achiwiri ndi oopsa kuposa oyamba. Chida chako chikamanga kenelo yatsopano, yakale chimaifafaniza. Unaonapo munthu akugwetsa nyumba imene akugonamo, yatsopano asanafolere? Ine ku matelefoni sindinkadula waya wakale watsopano asanalire. Anzanga ankanditcha kamba. Koma pa zaka makumi atatu palibe mudzi umene unagona wopanda foni chifukwa cha ine.

"Ndiye tamvera. Konza ziwirizi. Chiphunzitse kufunsa, chiphunzitsenso kusunga yakale. Ndipo mpaka ndibwere, Kazelipa kasakhudze kompyuta ya munthu wina. Wamva?"

"Ndamva, a Shawa," anatero Zelipa.

Kumva anamvadi. Madzulo a tsiku lomwelo analemba ziwirizo pa pepala, n'kulipanikiza pansi pa kiyibodi kuti adzayambe mawa.

3. Mlendo wa ku Chiparamba

Mawa lakelo, 8 koloko isanakwane, kagalimoto konyamula thonje kanaima kutsogolo kwa telala. Munatsika mayi wachikulire wovala jesi yobiriwira. Woyendetsa anatsitsa katundu awiri okulungidwa m'mabulangete, mosamala ngati muli mazira.

Zelipa atasuzumira pakhomo anaimirira msangamsanga. Anali a Rhoda Daka, aphunzitsi ake a giredi wani, pa nthawi imene bambo ake ankagwira ntchito ku Chiparamba. Ndiwo anamugwira dzanja polemba dzina lake koyamba.

"Madamu, mwafika? Lowani, khalani apa."

"Kodi si Zelipa uyu? Wakula, mwana iwe. Paja unkalira ukathyola pensulo." Anaseka, n'kuyang'ana uku ndi uku. "A Shawa ali kuti?"

"Apita ku maliro ku Lundazi. Abwera sabata yamawa."

Nkhope ya a Rhoda inagwa. Anakhala pa benchi n'kufotokoza. Loweruka likudzalo sukulu inali kuwatsanzika, pakuti anali kupuma ntchito. Kwa zaka ziwiri anakhala akutayipa buku ndi zala ziwiri, pa kompyuta imene m'busa wina wa kunja anasiyira sukulu yawo, yoyendera magetsi a dzuwa. Linali buku la nkhani makumi anayi za Chinyanja, zoti ana aziphunzirira kuwerenga, chifukwa kalasi yonse inkalimbirana mabuku atatu ong'ambika.

"Ndimafuna ndiwasiyire Loweruka, lili pa pepala," anatero. "Pulinta ndabwereka, koma kompyuta ikuikana. A Shawa ndiwo anandiikira Linakisi poyamba paja, ndiye ndinati andithandizenso."

Zelipa analumikiza mawaya n'kuyatsa. Sipanatenge nthawi kuti aone vuto. Kenelo ya m'kompyutayo sinkadziwa za pulinta. Inkafunika yatsopano, basi.

"Ndi zazing'ono, Madamu," anatero.

"Ungathe iweyo?"

Apa ndi pamene panali pa mphambano. Pepala lija linali pompo, ngodya yake ikuonekera pansi pa kiyibodi. Koma kuuza mphunzitsi wako kuti dikirani, atakwera pa thonje kuchokera ku Chiparamba, n'kovuta kwa mwana woleredwa ngati Zelipa. Tisabisenso: ankafuna kuti a Rhoda aone zimene kamwana kolira pensulo kaja kakutha tsopano.

"Ndingathe, Madamu. Ndili ndi chida changa chimene ndinapanga ndekha."

"Chako? Wapanga wekha?" A Rhoda anaomba m'manja pang'ono. "Ndiye ndafika pabwino."

Zelipa anatambasula dzanja ku chitini cha madisiketi, kuti ayambe wakopera bukulo pena. A Rhoda anaona.

"Kodi pali choopsa, mwana wanga? Undiuze. Makope amene ndinalembamo poyamba anadyedwa ndi chiswe chaka chatha. Buku lonse lili m'menemu."

Mawu amenewo anayenera kufulumizitsa dzanja lija. M'malo mwake analibweza. Zelipa anaona mantha pa nkhope ya aphunzitsi ake, ndipo sanafune kuwaonjezera.

"Ayi, Madamu. Palibe choopsa."

Paja amati manyazi anapha lambe. Zelipa anayatsa kompyuta yaikulu n'kuitana Kazelipa. Mafunso asanu ndi atatu anatha ngati madzi. Pulinta? Inde. Za disiki sikanafunse, ndipo iyenso sanaganizeko.

A Rhoda anati akaone mng'ono wawo ku Nabvutika, abweranso masana.

4. Maola asanu

Kompyuta yaikulu inagwira ntchito yake, mizere ikukwera pa sikirini. Zelipa anasesa, anapukuta mazenera, anadya chinangwa chootcha chimene a Alfonsi anamugawira. Ankaimba nyimbo ya kwaya chapansipansi.

Itangopitirira 1 koloko, kenelo inatha kumangidwa. Anaikopera pa disiketi n'kupita nayo ku kompyuta ya a Rhoda. Kazelipa kanachita zimene kanaphunzitsidwa: kanafafaniza yakale, n'kuika yatsopano. Zelipa anazimitsa, anawerenga mpaka khumi monga ankachitira a Shawa, n'kuyatsanso.

Mizere inayamba kukwera bwinobwino. Anaona dzina la pulinta likudutsa, mtima n'kukhala m'malo. Kenaka mizere inaima. Pansi penipeni panali mawu ochepa a Chingerezi, onena kuti kenelo yasowa disiki ndipo siingapitirire.

Anadina batani ili ndi ilo. Palibe chinayenda. Anazimitsa n'kuyatsanso, mawu omwewo. Anatenga disiketi yopulumutsira ya a Shawa, koma nayonso inkadziwa madisiki a m'kachipindamo okha. Kachitatu, kachinayi, mpaka thukuta linayamba kudontha pa kiyibodi.

Apo ndi pamene anamvetsa. Disiki ya m'kompyuta ya m'busa uja inali ya mtundu wina. Kenelo yokhayo imene inkadziwa kulankhula nayo inali yakale ija, ndipo anali ataifafaniza yekha.

A Alfonsi anamva kuti kuseri kwangoti zii. Analowa tepi ili m'khosi, n'kumupeza Zelipa atagwira mutu.

"Yafa?"

"Siinafe, a Alfonsi. Koma sikutseguka. Buku la Madamu lili m'kati."

A Alfonsi anali munthu wabwino mtima, koma wa nzeru zachidule. Anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu.

"Mvera ine, mwana. Ukawauze kuti ndi malaiti, magetsi athuwa. Anabwera ndi mphamvu, basi yapsa. Ndani angatsutse? M'tauni muno malaiti apsereza mawailesi angati? Ine ndikuikira umboni. Ukanena kuti ndiwe, mbiri ifika ku tchalitchi kwanu dzuwa lisanalowe, ndipo a Shawa kiyi sadzakupatsanso."

Zelipa anayang'ananso pa sikirini. Bodzalo linali losavuta, ndipo linali lomukwana bwino ngati diresi losokedwa ndi a Alfonsi omwewo. Koma linali ndi mchira. A Rhoda akanamva kuti yapsa, akanaikulunga m'bulangete n'kubwerera nayo ku Chiparamba, n'kukaiika pakona mpaka kalekale. Buku likanawolera momwemo, chonsecho lili lamoyo.

5. Pamaso pa Madamu

A Rhoda anabwera 3 koloko, atanyamula mapepala oyera mtolo wathunthu ndi nthochi zoti apatse Zelipa. Analowa akumwetulira. Atamuona nkhope, anaika katundu pansi pang'onopang'ono.

A Alfonsi anayamba ali pakhomo. "Amayi, malaiti a masiku ano..."

"Si malaiti, Madamu," anatero Zelipa. Anatsika pa mpando n'kugwada pa simenti. "Ndine. A Shawa anandiletsa kugwiritsa ntchito chida changa pa kompyuta ya munthu wina, ine sindinamvere. Munandifunsa ngati pali choopsa, ndinakunamizani. Ndinayenera kukopera buku lanu poyamba. Tsopano kompyuta sikuiona disiki."

A Alfonsi anabwerera ku makina awo mwakachetechete.

A Rhoda anakhala pa benchi. Kwa nthawi yaitali anangoyang'ana mawu aja pa sikirini, ngakhale sankawamvetsa. Mwana wogwadayo sanamuyang'ane n'komwe. Zelipa anali asanawaonepo choncho, ndipo zinamupweteka kuposa kukwapulidwa.

"Buku langa lapita?"

"Ndikhulupirira kuti lilimo, Madamu. Chatsekeka ndi chitseko. Ndiyenera kumanga kenelo ina yodziwa disiki imeneyi."

"Ukhulupirira, kapena ukudziwa?"

"Sindikudziwa, Madamu."

"Eya. Mawu amenewo ukanawanena m'mawa." Anapuma mozama. "Dzuka, khala apa. Ndakwiya, ndipo sindikubisira. Zaka ziwiri, Zelipa. Maso angawa anatha ndi sikirini imeneyi. Koma ndikuuze chinthu chimodzi, chifukwa mwina mlandu wina ndi wathu, ife amene tinakulerani.

"Tinakuphunzitsani kuti mwana wabwino sabweza mkulu, sanena kuti ayi, saonetsa kuti zamuvuta. Tinaiwala kukuuzani kuti zimenezo zili ndi malire. Munthu akakupatsa chinthu chake kuti umugwirire, ulemu waukulu ndi kumuuza zoona, ngakhale zimukhumudwitse. Namwino amene amandiuza kuti jekeseni siwawa sandilemekeza ayi, amandiyesa mwana. Iwe unandiyesa mwana lero. Ukanati Madamu, pali choopsa, tiyeni tiyambe takopera, ine ndikanakuona wamkulu kuposa mmene ndinakuonera ndi chida chakocho.

"Ndaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zisanu. Ana anzeru ndawaona ambiri, ndipo amene anagwa sanagwe chifukwa chosadziwa. Anagwa tsiku limene anaopa kuoneka osadziwa. Koma wagwada apa n'kunena wekha, pamene bodza linali litayamba kale kulowa pakhomo. Chimenecho ndachiona. Tsopano pukuta maso, undiuze chimene chichitike."

6. Mayina khumi ndi awiri

Zelipa anatenga sikuludiraiva ya a Shawa n'kutsegula bokosi la kompyuta. M'kati munali fumbi lofiira la ku Chiparamba ndi mphemvu ziwiri zouma. Disiki inali yolumikizidwa ku kakhadi kobiriwira kamene iye anali asanakaonepo. Dzina la kakhadiko ndilo linkafunika. Anapukuta ndi nsonga ya chitenje, koma pamene panali dzina panali dzimbiri lokhalokha.

Anapita ku kompyuta yaikulu, n'kutsegula mafunso aja mazana awiri amene anawathawa. Anatsika nawo limodzilimodzi mpaka pa makhadi a mtundu umenewo. Anawalemba pa pepala. Analipo khumi ndi awiri.

"Onse pamodzi sangakwane pa disiketi imodzi, Madamu, ndipo ena akakhala pamodzi amasokonezana. Ndiyenera kuyesa limodzilimodzi."

"Kuyesa kumodzi n'kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Maola asanu. Patsiku kawiri."

A Rhoda anali mphunzitsi, sanafunikire pensulo. Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu. Anayang'ana mayina khumi ndi awiriwo, n'kuyang'ana Zelipa.

"Theka," anatero.

"A Alfonsi akalola kuti ikhale yoyaka akatseka, ndiyamba limodzi lero lomwe. Akhala asanu ndi awiri."

Kutsogolo makina osokera anaima. "Isiyeni yoyaka," anatero a Alfonsi, mawu ali ofewa.

A Rhoda anamasula mtolo wa mapepala aja amene anagulira pulinta. Anatengapo limodzi, anatulutsa bolopeni m'jesi, n'kusendera kumapeto kwa tebulo.

"Iwe yamba zako, ine ndiyamba zanga. Zimene ndingakumbuke ndizilemba pamanja. Ana aja sindipita kukawatsanzika chimanjamanja."

Anakhala choncho awiriwo, wina ku kiyibodi, wina ku pepala. Zelipa anasankha dzina loyamba. Funso lililonse ankaliwerenga kawiri asanayankhe, ndipo palibe limene analumpha. Kunja maminibasi ankaitanira anthu a ku Katete, dzuwa likupendekera ku mapiri.

Bolopeni ya a Rhoda inathamanga pa nkhani yoyamba ndi yachiwiri. Pa yachitatu inayamba kuimaima. Analemba mzere, anaufafaniza, analembanso. Kenaka inaimiratu.

"Zelipa," anaitana motsitsa, osadzutsa mutu. "Ija ya mtsikana amene anataya nsapato imodzi powoloka mtsinje wa Lutembwe. Ndinkakusimbirani ku giredi wani. Inkatha bwanji?"

Zelipa anafufuza m'mutu mwake. Anakumbuka mtsikanayo, anakumbuka madzi ofiira ndi nsapato ikupita. Anakumbuka ngakhale jesi imene Madamu anavala tsiku limenelo. Mathero sanawapeze.

"Ndaiwala, Madamu."

"Inenso," anatero a Rhoda.

Onse awiri anatembenukira ku bokosi lotsegula lija. Kenaka Zelipa anadina batani lomaliza, ndipo mizere ya dzina loyamba mwa khumi ndi awiri inayamba kukwera.